Nkhondo idatha koma usiku imabwerabe: mafunso ndi mayankho kwa asilikali akale a ku Tete ndi mabanja awo

Bambo anga adabwera kuchokera ku usilikali mu 1994, atanyamula khasu, ndowa ndi kathumba ka mbewu. Ife tidali titangobwerera kumene kwathu ku Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kuchokera ku Dedza komwe tidathawira. Adalima kachewere, adatiphunzitsa sukulu, adakalamba pakati pathu, koma sadagonepo chofulatira khomo. Za nkhondo sankanena. Tinkangozimva usiku akamakuwa kutulo, kutchula maina a anthu amene ife sitidawaonepo. Mafunso ali m'munsimu ndakhala ndikuwamva kwa anzawo, kwa akazi awo ndi kwa ana awo, ena pamaliro, ena pamsika wa Ulónguè, ena monong'ona tikatuluka m'tchalitchi. Ndawayankha momwe ndidafunira kuti wina awayankhe bambo anga akadali moyo.

Mtendere udasainidwa kalekale. Bwanji ine ndikulotabe nkhondo?

Pulezidenti Joaquim Chissano wa boma la Frelimo ndi Afonso Dhlakama, mtsogoleri wa gulu la Renamo limene linkamenyana ndi boma, adasaina mtendere ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo pofika kumapeto kwa 1994 asilikali oposa 90,000 a mbali zonse ziwiri adali atatula zida pamaso pa ONUMOZ, gulu la United Nations loyang'anira mtenderewo. Mfuti mudapereka tsiku limodzi, bambo, koma thupi silitula katundu msanga chotero. Lidakhala zaka likugona ndi nsapato kuphazi, khutu lili panja, ndipo chizolowezi chimenecho ndicho chidakupulumutsani. Lero likadalonderabe ngakhale mdani kulibe.

Palinso kasungidwe ka zinthu m'mutu. Ukwati wanu mumaukumbukira mwandondomeko, mumadziwa kuti udachitika chaka chakuti ndipo udatha. Zoopsa sizisungidwa motero. Munthu akakhala pakati pa imfa ndi moyo, ubongo umangotola zidutswa: fungo la udzu ukupsa, kulira kwa mwana, nkhope ya mnzanu, kuzizira kwa mame m'bandakucha. Zidutswazo zilibe deti. Zikabwera kutulo kapena masana zimabwera ngati zikuchitika pompano, mtima nkuyamba kuthamanga, thukuta kamukamu. Madzi saiwala khwawa.

Ndipo chigawo chathu makwawa otere chili nawo ambiri. Frelimo idatsegula nkhondo ya ufulu kuno ku Tete mu 1968, dziwe la Cahora Bassa likuyamba kumangidwa chaka chotsatira, anthu akukusidwira m'ma aldeamento, midzi yolonderedwa ndi Apwitikizi. Pa 16 Disembala 1972 asilikali a Apwitikizi adapha anthu mazanamazana ku Wiriyamu. Kenaka idabwera ya zaka 16 ya pakati pa boma la Frelimo ndi Renamo, magalimoto akuyenda pa kolona yoperekezedwa ndi asilikali pamsewu wa Zóbuè, midzi ikutsala mabwinja, anthu pafupifupi miliyoni imodzi a dziko lino atathawira ku Malawi. Mu 2016 ena a ku Moatize adathawanso kukafika ku Kapise m'boma la Mwanza. Munthu wa kuno akamalota nkhondo, sakulota zopeka.

Kodi ndiye kuti ndikupenga?

Ayi. Achipatala vutoli amalidziwa ndipo lili ndi dzina: pa Chipwitikizi amati stress pós-traumático, m'mabuku a Chingerezi PTSD. Amaliona pa zinthu zinayi. Zakale zimabwera zokha osaziitana, kutulo kapena uli maso. Munthu amazemba chilichonse chomukumbutsa, kaya ndi njira ina yake, kaya ndi nkhani. Mtima umauma, chimwemwe nkusowa, ngakhale mdzukulu akamaseka iwe osamva kanthu. Ndipo thupi limakhala chire nthawi zonse: kudzidzimuka, kupsa mtima msanga, kusowa tulo. Zimenezi zikapitirira mwezi ndipo zikusokoneza ntchito ndi banja, ndi matenda ofunika chithandizo monga chifuwa kapena shuga.

Si msilikali aliyense amene amadwala motere, ndipo amene wadwala sindiye kuti adali wamantha. Chimene chimachulutsa vutoli ndi kuchuluka kwa zoopsa zimene munthu adadutsamo. Kawirikawiri ovutika kwambiri ndi omwe adakhalitsa kutsogolo.

Ndidakhala bwino zaka zambiri. Bwanji zayamba tsopano nditakalamba?

Funso ili ndalimva kambirimbiri. Mutabwera kunkhondo padali nyumba yoti mumange, munda woti muswe mphanje, ana oti adye. Munkagona mutatopa ndipo maganizo ankasowa polowera. Tsopano mawondo akukana, ana adapita ku Tete kapena ku Beira, mayi a kunyumba mwina adatsogola, anzanu a gulu limodzi mukuwaika m'manda mmodzimmodzi. Tsiku latalika, ndiye zakale zapeza mpata. Enanso zidawadzukira pomva za nkhondo ya ku Cabo Delgado, kumpoto kwa dziko lino, pawailesi, kapena pamene mfuti zidaliranso m'matauni zitatha zisankho za Okutobala 2024.

Chinthu chimodzi chokha musachinyozere. Ngati mkulu wayamba kuiwala njira ya kwawo, kusokoneza maina a ana ake kapena kuona zinthu zimene kulibe, apite naye kuchipatala akamuyeze, chifukwa pamenepo pangakhale matenda ena a ukalamba, a magazi kapena malungo.

Zikandigwera masana, njinga yamoto ikaphulika kapena ndege ikadutsa, ndichite chiyani pomwepo?

Cholinga nchakuti thupi lidziwe kuti lili kuno, lero. Khalani pansi, mapazi aponde dothi zolimba. Kokani mpweya ndi mphuno pang'onopang'ono, ndipo potulutsa muchedwe kuposa pokoka, kasanu kapena kakhumi. Kupuma kotero kumachepetsa liwiro la mtima. Mukatero tchulani mokweza zimene mukuona: mtengo wa mango uwo, nkhokwe iyo, mbuzi ya uje iyo. Tchulani chaka chino, dzina la mudzi wanu, dzina la mdzukulu wanu wamng'ono, amene nthawi ya nkhondo kudalibe. Sambani kumaso madzi ozizira ngati alipo.

Mkulu wina amayenda ndi kamtanda m'thumba, wina kachikopa ka ndimu koti anunkhize. Chilichonse chimene kutchire kuja kudalibe chimathandiza. Muziyeserera zimenezi muli bwinobwino, monga munkayeserera kumasula ndi kumanga mfuti, kuti tsiku la vuto manja adziwe okha.

Ndi bwinonso kudziwa zimene zimakuyambitsani. Kwa ena ndi makombola a chaka chatsopano, kwa ena mabingu a mvula yoyamba, kuphulitsa miyala kumigodi ya Moatize, kapena fungo la nyama yowaula. Mukadziwa, auzeni a m'nyumba mwanu kuti asadabwe.

Tidauzidwa kuti zakale ziiwalike. Kuzikamba si kudzutsa nkhondo?

Apa ndikhalitsepo, chifukwa ndipo pagona nkhani. Mu Okutobala 1992 nyumba ya malamulo idakhazikitsa lamulo nambala 15/92 lokhululukira milandu ya nkhondo ku mbali zonse. Kuno sikudakhale bwalo loululirapo zoona ngati lija adatsogolera Desmond Tutu ku South Africa. M'midzi namonso mafumu ndi anyakwawa adati basi, wabwera wabwera, tisafunsane kuti unali kuti. Ine sindinyoza nzeru imeneyo. Ikadapanda iyo, wa Frelimo ndi wa Renamo sakadatunga pachitsime chimodzi, sakadakwatitsana ana, sakadakumba manda limodzi monga achitira lero.

Koma chete amene adasunga mudzi adasiya munthu aliyense payekha ndi katundu wake. Masana tonse tidagwirizana kuti nkhondo idatha, usiku aliyense ankaimenya yekha pamphasa pake. Kuimirira pabwalo nkuloza chala kuti uyu ndiye adawotcha nyumba yanga, kumeneko kungathedi kudzutsa chidani. Kukhala pansi ndi munthu mmodzi wosunga chinsinsi nkumuuza chimene chimakudzutsani usiku ndi nkhani ina. Sikuphwanya pangano la mudzi. Ndipo nkhani ikakambidwa mwadongosolo, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, zidutswa zija zimayamba kulumikizana nkukhala chinthu chimene chidachitika chaka chakuti, pamalo akuti, ndipo chidatha.

Musakakamizidwe. Sankhani nokha munthu, tsiku ndi poyambira. Mungayambe ndi zing'onozing'ono, njala ya kutchire, nsabwe, nyimbo zimene munkaimba poguba. Ndipo musakambire pamowa, poti mawa nkhani yanu idzakhala ili pamsika.

Nditabwera adandisambitsa mankhwala. Bwanji amene adafa aja akundibwererabe?

Makolo athu adadziwa kale kuti wokhetsa magazi sabwera chimodzimodzi. Adachitcha chirope: maso kufiira, mtima kuwira, munthu kufuna kuphanso ngati sadasambitsidwe. Nchifukwa chake ambiri pobwera sadalowe m'nyumba tsiku lomwelo. Adayamba apita kumtsinje, zovala za kunkhondo zidatenthedwa, nsembe idathiridwa kuuza mizimu kuti mwana wabwera. Ku Gorongosa, m'chigawo cha Sofala, amakamba za magamba, mizimu ya asilikali akufa imene imagwira amoyo nkumanena zimene zidachitika.

Miyambo imeneyi idagwira ntchito yaikulu. Idauza mudzi kuti munthuyu ndi wathu, asaopedwe, apatsidwe mkazi ndi munda. Ambiri idawapepukitsa mtima. Koma ngati mudasamba ndipo maloto akubwerabe, musaganize kuti ndinu wotembereredwa koposa anzanu. Bala lina limafuna kutsukidwa kangapo ndi manja osiyanasiyana. Kupita kuchipatala sikunyoza makolo, ndipo sing'anga wabwino sakuletsani. Amene muyenera kumuthawa ndi uja wofuna mbuzi lero, mawa ng'ombe, kapena woloza mlongo wanu kuti ndiye mfiti, kapena mneneri wokuuzani kuti mutaye mankhwala a kuchipatala. Mabanja apasuka ndi zotere.

Pali zimene ndidachita ndi manja angawa. Ndingakhale nazo bwanji?

Sindikuuzani kuti palibe kanthu, chifukwa inu mukudziwa kuti kalipo. Lamulo lidatseka khoti, koma mlandu suola, ndipo mumtima umazengedwa usiku uliwonse. Kuwawa kumeneko ndi umboni woti umunthu wanu nkhondo sidaumalize.

Poyamba yezani mlanduwo mwachilungamo. Mudali ndi zaka zingati? Mudapita nokha, kapena adakugwirani pamsika, pasukulu, m'munda? Mukadakana, chikadakuchitikirani nchiyani? Mkulu wa zaka 60 amaweruza mnyamata wa zaka 15 ngati kuti mnyamatayo adali ndi nzeru ndi ufulu wa lero. Ena amadziimba mlandu pongokhala ndi moyo pamene mnzawo adaponda bomba lokwirira malo amene iwo adangodutsa kumene. Pamenepo palibe mlandu, pali chisoni chimene sichidaliridwe.

Chotsala mutayeza chimafuna kuchitapo kanthu. Ena adakaulula kwa wansembe kapena kwa abusa. Ena adapereka Misa kapena mapemphero a amene adafa, ngakhale osawadziwa maina. Ena amalimira mayi wamasiye kapena kulipirira mwana wamasiye sukulu mosalengeza. Ngati mukudziwa pamene padakwiriridwa munthu amene abale ake akadamufunabe, kuwauza kungawapumitse, koma musapite nokha. Dzerani kwa mfumu ndi akulu a mpingo, iwo aone ngati nkotheka ndi momwe zingayendere.

Kachasu ndiye amandigonetsa. Cholakwika nchiyani?

Amakugwetsani msanga, zoona, koma tulo ta mowa ntosakhalitsa. Mowa ukamatha m'magazi chapakati pa usiku mumadzuka mtima ukugunda, ndipo maloto amabwera oopsa kuposa kale. Mawa mufuna wochulukirapo. Chamba nachonso ena chimawaonjezera mantha ndi kukayikira anthu. Ngati mwamwa tsiku ndi tsiku kwa zaka, musasiye mwadzidzidzi panokha, chifukwa thupi lingathe kunjenjemera ngakhale kukomoka. Kauzeni achipatala kuti mukufuna kusiya, akuthandizeni kutsika bwino.

Za tulo, yesani izi: nthawi yogona ndi yodzuka ikhale imodzimodzi, masana thupi ligwire ntchito, madzulo musamwe tiyi wambiri kapena kumvera nkhani za nkhondo. Mukadzuka ndi loto, yatsani tochi, onani kuti muli m'nyumba mwanu, imwani madzi.

Kuchipatala ndikafikire kwa yani, ndipo akandichita chiyani?

Yambirani pachipatala chapafupi, muuze namwino kuti simugona, mumalota za nkhondo, mumadzidzimuka. Nenani mawu oti nkhondo. Ambiri amangoti mutu, msana, mtima, nkubwerako ndi panado. Pemphani kuonana ndi técnico de psiquiatria. Awa ndi anthu amene unduna wa zaumoyo udayamba kuwaphunzitsa mu 1996 kuti chithandizo cha matenda a maganizo chifike m'maboma. Kufunsa kuchipatala cha Ulónguè, cha Songo kapena chachikulu cha Tete ndi poyambira pabwino. Kuonana nawo sikutanthauza kuti akutumizani ku chipatala cha odwala misala cha ku Infulene kapena cha ku Nampula. Ambiri amathandizidwa akugona kwawo.

Chithandizo chimene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limaika patsogolo ndi cha kukambirana ndi munthu wophunzitsidwa, mlungu ndi mlungu, kwa miyezi iwiri kapena itatu. Njira ina, imene idayesedwa pakati pa othawa nkhondo ku Uganda, imayamba ndi chingwe choyala pansi kuimira moyo wa munthu. Iye amaika mwala pamene padali choopsa, duwa pamene padali chokoma, kenaka nkumakamba mwala umodziumodzi mpaka moyo wonse utaoneka, osati nkhondo yokha. Odziwa njira zoterezi ndi ochepa kuno kwathu, ndipo zimenezi zimandiwawa, koma funsani ndithu.

Mankhwala aliponso, monga fluoxetine ndi amitriptyline, makamaka ngati pali kukhumudwa kwakukulu. Sagwira tsiku limodzi, pamapita milungu ingapo, choncho musataye mtima kapena kusiya osauza amene adakupatsani. Diazepam wogula mwamseri mupeweni. Amazolowereka, sachiza vutoli, ndipo kuphatikiza ndi mowa nkoopsa.

Amuna anga amamenya kutulo, masana sachedwa kukwiya. Ine nditani?

Mayi, inunso nkhondoyi mwaisenza, ngakhale dzina lanu silili m'kaundula wa boma. Akamalota musawagwire kapena kuwagwedeza. Imani chapatali, aitaneni ndi dzina lawo kapena la mwana, mofatsa, mpaka adzuke. Ngati pafunika kuyala pawiri masiku ena, yalani, si kutha kwa banja. Musawadzere kumbuyo mwakachetechete. Musawafunse kuti mudapha angati, ndipo ana muwaletse funso limenelo. Akayamba okha kukamba, ingomverani, ngakhale atasiyira panjira.

Koma kumenya ali maso ndi nkhani ina. Nkhondo ingafotokoze komwe mkwiyo ukuchokera, siipereka chilolezo. Lamulo nambala 29/2009 limaletsa nkhanza za m'banja kwa amayi, ndipo kupolisi kuli ofesi yolandira mabanja ndi ana ochitiridwa nkhanza. Itanani ankhoswe msanga, ndipo ngati moyo wanu kapena wa ana uli pangozi, chokani kaye. Kwa abambo ndinena izi: mukamva kutentha kukukwera pachifuwa, tulukani, kazungulireni kudimba, mukabwere mtima utatsika.

Nanga ife akazi, ndi ife amene tidagwidwa tili ana?

Pakatchulidwa msilikali wakale anthu amaona mwamuna, chonsecho akazi adalimo kuyambira nkhondo ya ufulu, mu Destacamento Feminino, gulu la asilikali aakazi a Frelimo limene lidakhazikitsidwa mu 1967. M'nkhondo ya zaka 16 ambiri adatengedwa kukasenza katundu, kuphika ndi kugwiriridwa kumabaze, kumisasa ya asilikali, ena nkubwerako ndi ana. Ambiri a iwo sadalandire khasu kapena ndalama za otula zida, adangolowa m'mudzi mwakachetechete, ndipo mpaka lero amaopa kuti akanena banja litha. Zonse zalembedwa pano nzanunso, mayi. Manyazi a zimene zidakuchitikirani ndi a amene adazichita. Kuchipatala muli ndi ufulu wopempha kulankhula ndi mkazi mnzanu.

Amene adagwidwa ali ana lero ali ndi zidzukulu. Adataya sukulu, adataya chinamwali, ena adakakamizidwa kuchita zoopsa kwa abale awo omwe kuti asadzaganize zothawa. Mwana wotero adali wogwidwa, ngakhale adanyamula mfuti.

Mwana wathu wabwera kuchokera ku Cabo Delgado, sakulankhula. Tidikire?

Nkhondo ya kumeneko idayamba mu Okutobala 2017 ku Mocímboa da Praia, ndipo anyamata athu akubwerako ndi zawo. Milungu yoyamba kusowa tulo ndi kudzidzimuka nkwachibadwa, ndipo kwa ambiri kumazilala pakokha. Mpatseni chakudya, ntchito ya manja, ndi mpata. Musamuunjirire anthu kuti afotokoze. Mwezi ukatha zinthu zikuipiraipira, kapena wayamba kumwa kwambiri ndi ndewu, mperekezeni kuchipatala. Agogo amene adamenya nkhondo zakale angamuthandize kuposa tonsefe, pongokhala naye pakhonde nkumuuza kuti nanenso sindinkagona.

Nthawi zina ndimaganiza kuti bola kufa.

Uzani munthu lero lomwe, mkazi wanu, mbale, abusa, namwino. Maganizo amenewa amabwera mwamphamvu kenaka nkutsika, ndipo chofunika nchakuti pa ola loipalo pasakhale chida pafupi. Mankhwala opopera fodya, tomato ndi kachewere, mankhwala a makoswe ndi chingwe zikasungidwe kwa wina. Ngati kwinakwake mudakwirira mfuti, kambani ndi akulu a mpingo kapena mfumu kuti ikaperekedwe. Mipingo ya dziko lino idatolerapo zida zambiri kuyambira 1995, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, nkumapereka makasu, njinga ndi makina osokera.

Inu abale, munthu akanena mawu otere musamuseke kapena kumukalipira kuti mwamuna salira. Mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumupatsa maganizowo. Musamusiye yekha, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Penshoni ilibe kanthu ndi zimenezi?

Ili nako. Munthu amene adapereka unyamata wake nkumadzaona kuti waiwalika, bala lake limanyeka. Lamulo la asilikali akale nambala 16/2011 lilipo, mabungwe a asilikali akale monga ACLLN, AMODEG ndi ADEMIMO alipo, ndipo a Renamo oposa 5,000 adatula zida potsatira pangano la mtendere la Ogasiti 2019. Tsatirani mapepala anu, ndipo pitani awiriawiri kapena pagulu, chifukwa mzere wa kuofesi umalemera ukakhala wekha. Komabe musadikire kuti ndalama ituluke ndiye mudzafune chithandizo cha tulo. Ndaona olandira penshoni mwezi ndi mwezi akukuwabe usiku.

Kodi zidzatha?

Kuiwala simudzaiwala. Chimene chimatheka, ndipo ndachiona, nchakuti maloto amatalikirana, phokoso likakudzidzimutsani mtima umabwerera msanga, ndipo mungathe kukamba za chaka chija osanjenjemera. Nyengo zina zimabwereranso, makamaka mwezi umene zidachitika kapena pamaliro a mnzanu wa kunkhondo, kenaka nkupitanso.

Bambo anga adayamba kulankhula zaka zitatu asanamwalire. Tinkatonola chimanga pakhonde awiriwiri, ndipo osandiyang'ana adati dzina lija umalimva usiku ndi la mnyamata wa ku Macanga, tidagwidwa tsiku limodzi. Adakamba mpaka dengu lidadzaza, nkusiya. Mlungu wotsatira adapitiriza pomwe adalekera. Adandituma kwa akatekisiti kukalembetsa Misa ya mnyamatayo, ndipo tsiku la Misalo adavala jekete lawo la ukwati. Khomo sadalifulatirebe mpaka imfa yawo, koma amayi adandiuza kuti chaka chomalizacho ankagona mpaka tambala woyamba.